Dzina la Pachitsulo ndi Dzanja la Mmisiri

  Kokani mpando, mtima ukhale m'malo, pakuti nkhani ya lero siifuna liwiro.

Lero tikamba za makina oziziritsa nyumba. Sindikunena kaeyakoni kaja kopachika pakhoma, kamene timakaona m'mabanki ndi m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma eyakoni yaikulu imene iziziritsa nyumba yonse, chipinda ndi chipinda, monga zikhalira m'nyumba zambiri za ku America. Funso lathu ndi limodzi. Makina amenewa akakalamba ndi kufa, ndipo mwini nyumba wakhala pansi kuti agule ena, asankhe a dzina liti? Ndibwereze: asankhe a dzina liti?

Kapena wina ali ku Thyolo, wafunda bulangete, akuti: nanga zimenezo zitikhudza bwanji ife? Zikukhudzani ndithu, achimwene. Pamene kwathu kuno chiperoni chikuwaza mu June ndi July, mwana wanu amene ali ku Dallas kapena ku Houston ali pakati pa dzuwa longa la ku Nsanje mu October, ndipo nyumba za kumeneko, popeza zidamangidwa modalira makina, sizikhalika makinawo akaima. Mtengo wa atsopano, kuphatikiza ntchito yowaika, ndi madola zikwi zingapo, nthawi zina kupitirira zikwi khumi. Chomwecho mukaona kuti kathandizo kaja kamene kamafika mwezi ndi mwezi kachedwa chaka chino, musafulumire kunena kuti mwana waiwala kwawo. Mwina ndi makina amenewa amene ameza ndalamazo.

Poyamba tiwadziwe makinawo, pakuti munthu sangasankhe bwino chimene sachidziwa. Ali ndi mbali ziwiri. Kunja, pambali pa nyumba, pamakhala chibokosi chachitsulo chokhala ndi fani pamwamba, ndipo m'kati mwake muli kompuresa, imene ndiyo mtima wa zonse. M'nyumba, kaya ndi kudenga pamwamba pa siling'i, kaya ndi m'chipinda cha pansi pa nthaka, muli koyilo ya timapaipi topindapinda, imene kawirikawiri imakhazikidwa pa ng'anjo yotenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu. Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi mapaipi awiri a mkuwa m'mene muyenda gasi, ndipo ntchito ya gasiyo ndi kunyamula kutentha kwa m'nyumba, kukakutaya kunja, kubwerera, ndi kunyamulanso, usana ndi usiku. Kuchokera pakoyilo paja mpweya wozizira umayenda m'mipope ikuluikulu yobisika m'makoma ndi kudenga, kufikira utatulukira m'chipinda chilichonse; ndipo pakhoma pali kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kamalamula makina kuti adzuke kapena apume.

Pali chinthu chimene ambiri amachiiwala, ndipo ndikupemphani muchisunge, chifukwa tidzabwererakonso. Makinawa sangoziziritsa chabe, amachotsanso chinyezi mumpweya. Ndipotu chinyezi ndicho chidawabala. M'chaka cha 1902 injiniya wachinyamata, dzina lake Willis Carrier, adapatsidwa ntchito yothandiza kampani yosindikiza ku Brooklyn, mumzinda wa New York, kumene mapepala ankafufuma ndi chinyezi, mitundu ya inki n'kumaphonyana papepala. Makina akewo adawapangira mapepala. Anthu otuluka thukuta tidangopezerapo mwayi pambuyo pake.

Tsono mverani apa, pakuti apa ndipo pagona nkhani yonse. Eyakoni ya nyumba yonse si katundu amene munthu angomutulutsa m'katoni ndi kumulumikiza kumagetsi. Imachoka kufakitale ili zidutswa, ndipo imamalizidwa pakhomo panu, ndi manja a munthu amene wafika pagalimoto yake m'mawa umenewo. Nonse mudziwa za denga la malata. Munthu akhoza kugula malata okhuthala, a dzina lomveka, amene mnzake aliyense awasirira ali pangolo. Koma kalipentala akakhoma msomali m'khwawa mwa lata m'malo mwa pamsana pake, akalephera kusanjikiza bwino malata pamene akumana, mvula yoyamba ya November idzakupezani mukusuntha mphasa usiku, ndi mabeseni ali pansi. Kodi pamenepo mudzatukwana fakitale? Ndipo mnansi wanu, amene adagula malata wamba koma adapeza kalipentala wodekha, adzagona tulo mpaka tambala woyamba. Nkhani ya eyakoni ili chomwecho. Dzina lili pachitsulo, koma moyo wa makina uli m'dzanja la mmisiri.

Tiyeni tsopano tione mainawo, popeza ndiwo amene amazunguza mutu. Mwini nyumba akatsegula kompyuta, kapena akaitana ogulitsa, amakumana ndi khamu la maina, lililonse ndi penti wake, lililonse likudzitama kuti palibe lina lolingana nalo. Koma taonani, maina ndi ambiri, eni ake ndi ochepa. Kampani ya Carrier, imene idatenga dzina la injiniya uja, ndiyonso mwini wa Bryant ndi Payne, ngakhalenso Heil ndi Tempstar. Trane ndi American Standard ndi ana a m'mimba imodzi, ndipo amisiri adzakuuzani kuti mukachotsa chizindikiro, kuwasiyanitsa ndi ntchito. Rheem ndi Ruud chimodzimodzi. Goodman ndi Amana ali m'manja mwa Daikin, kampani ya ku Japan, imene idagula Goodman mu 2012, ndipo imapanga makina a maina atatu onsewa m'fakitale imodzi yaikulu ku Waller, kufupi ndi Houston. Lennox ili ndi Armstrong Air ndi Ducane, York iyenda ndi Coleman ndi Luxaire. Sindikuti muloweze zonsezi pamtima. Ndingofuna kuti mukadzalandira makoteshoni awiri, ina ya Trane, ina ya American Standard, mudziwe kuti simukusankha pakati pa mafakitale awiri. Mukusankha pakati pa amisiri awiri.

Ndipo tikamasula zomangira ndi kusuzumira m'kati mwa chibokosi, nkhani ipitirira. Makampani amene apikisana kwambiri pa zotsatsa malonda, kawirikawiri amagula kompuresa kwa wopanga mmodzi yemweyo. Dzina la Copeland, limene lili ndi fakitale ku Sidney m'chigawo cha Ohio, mudzalipeza m'makina a maina osiyanasiyana. Mamota ndi tizipangizo tamagetsi nazonso zambiri zimachokera kwa opanga ena apadera. Maina ndi ambiri, eni ake ndi ochepa, ndipo zam'kati zambiri ndi zapachibale.

Kodi ndiye kuti zonse ndi chimodzimodzi, munthu atseke maso ndi kuloza? Iyayi, abale anga, sinditero. Kusiyana kulipo, koma sikuli pamene ambiri amakufunafuna. Kampani iliyonse ili ndi makina a pansi, a pakati ndi a pamwamba, ndipo kusiyana kwa a pansi ndi a pamwamba m'kampani imodzi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa makampani awiri pa mlingo umodzi. Makina a pansi adziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi mphamvu zonse kapena kuzima. A pakati ali ndi liwiro lapawiri, lofatsa ndi lamphamvu. A pamwamba, amene amatchedwa a inverter, amakweza ndi kutsitsa liwiro pang'onopang'ono molingana ndi kutentha kwa tsikulo. Phokoso lawo ndi lochepa, amachotsa chinyezi bwino, ndipo sadya magetsi ambiri. Chomwecho wogulitsa akakuonetsani makina a pamwamba a kampani yake ndi kuwayerekeza ndi a pansi a kampani ina, dziwani kuti muyeso wakewo ndi wachinyengo.

Pa chikalata cha makina aliwonse pamalembedwa nambala yosonyeza mmene amasungira magetsi, imene kuyambira mu 2023 imatchedwa SEER2. Ikakwera nambalayo, bilu ya magetsi imatsika. Boma la America lidaika malire a pansi, ndipo malire a zigawo za kumwera, kumene dzuwa limaswa mtengo, ndi okwera kuposa a kumpoto. Apa ndiye pafunika kuwerengera. Banja limene lili ku Houston, kumene makina amalira miyezi yambiri pachaka ndipo mpweya ndi wonyowa, ngati lilinga kukhala m'nyumbamo kufikira ana atakula, likhoza kubweza ndalama zake pa makina a pamwamba. Koma banja la ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo nyengo yotentha ndi yaifupi, lidzadikira zaka zambirimbiri lisanaone phindu la nambala yokwerayo. Kwa ine, banja lotere lichita bwino kugula makina a pansi kapena a pakati, ndi kuika ndalama yotsalayo pa mmisiri wabwino ndi pa kukonza mipope.

Palinso mtengo wina wa makina a pamwamba umene wogulitsa sathamangira kuutchula. Ambiri mwa iwo amamvana ndi thermostat ya kampani yawo yokha, ndipo ali ndi mabolodi amagetsi amene akapsa simungawapeze m'sitolo iliyonse, komanso si mmisiri aliyense amene adziwa kuwagwira. Walira mvula walira matope. Makina wamba, kunena zoona, mmisiri aliyense wa m'tauni adzawakonza ndi masipeya amene ali kale m'galimoto mwake.

Pamenepa ndipo dzina liyamba kukhala ndi kulemera, ndipo nali funso loyenera kufunsa. Osati kuti dzina lomveka kopambana m'dziko lonse ndi liti, koma kuti mumzinda wanga uno, masipeya a dzina ili amapezeka kuti, ndipo amisiri odziwa kuligwira ndi angati? Makampani ena amagulitsa masipeya kudzera mwa amisiri awo osankhika okha, ena masipeya awo ali m'nyumba zamalonda zambiri. Ngati mumzinda wanu wonse muli mmisiri mmodzi yekha wa dzina limenelo, tsiku limene mudzayambana naye, kapena limene adzatseka bizinesi yake, mudzalowera kuti? Ganizani za mlungu wachiwiri wa July, makina aima, m'nyumba muli khanda kapena agogo amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, ndipo akuuzani pa foni kuti sipeya ifika pakapita milungu iwiri. Tsiku limenelo dzina lomveka silidzakupizirani mphepo.

Mwina wina anena kuti: komabe ine ndidamva kwa anzanga kuntchito kuti dzina lakutilakuti ndi lachabe, limafa msanga. Musatsutse msanga, koma mufunse kuti adaika ndani. Kwa zaka zambiri maina ena otsika mtengo ankagulitsidwa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, mmisiri weniweni ndi wongoyerekeza yemwe, ndiponso omanga nyumba zogulitsa ankawakonda pofuna kuchepetsa mtengo. Pamene maina ena okwera mtengo ankaperekedwa kwa amisiri amene kampani idawaphunzitsa ndi kuwayang'anira. Potero mbiri ya manja idasanduka mbiri ya dzina. Makina abwinobwino adasenza mlandu wa munthu amene adawaika mothamanga, ali ndi nyumba zina zitatu zomudikira tsiku lomwelo.

Tsopano tifike kwa mmisiriyo. Mudzamzindikira bwanji wabwino, inu amene simudagwirepo sipanala? Chizindikiro choyamba ndi ichi: amayeza nyumba asanatchule mtengo. Mphamvu ya makinawa amaiwerenga m'matani, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mlingo wake, molingana ndi kukula kwake, mawindo ake ndi kumene ayang'ana, zotchingira kutentha za m'makoma ndi kudenga, mthunzi wa mitengo, ngakhale chiwerengero cha anthu ogonamo. Bungwe la amisiri a ntchitoyi, lotchedwa ACCA, lidakonza njira yowerengera zonsezi, dzina lake Manual J. Sungani dzina limeneli: Manual J. Mmisiri akafika, n'kungoyang'ana chikalata cha makina akale, n'kunena kuti tiikapo ofanana ndi omwewa, kapena akakupatsani mtengo pa foni asanaponde pakhomo panu, muthokozeni mwaulemu ndi kumuperekeza. Adziwa bwanji kuti woika makina akalewo sadalakwitse? Adziwa bwanji kuti simudasinthe mawindo chiikireni makinawo? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndipo pano ndifuna ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ife anthu timagwa, makamaka ife amene tidakulira m'kusowa ndipo mtima umatiuza kuti chachikulu ndicho chabwino. Wogulitsa akati, bwana, tiikepo yaikulu pang'ono kuti musadzavutike, mawuwo amakoma m'khutu. Koma mukumbukire chinyezi chija ndidakupemphani kuti musunge. Makina amachotsa chinyezi pokhapokha akayenda nthawi yotalikirapo, kuti koyilo izizire ndithu, madzi a mumpweya agwirane pamenepo ndi kudontha, n'kutuluka kunja. Makina opitirira mlingo amayaka mwaukali, m'mphindi zochepa thermostat yakhuta, azima. Pakapita kanthawi ayakanso, azimanso, tsiku lonse. Nyumba imazizira koma ili yonyowa, zofunda zimamata pathupi, chuku chimayamba m'makona ndi m'makabati, ndipo kompuresa, imene imavutika koposa pa nthawi yodzuka, imakalamba isanafike zaka zake. Mwalipira zambiri kuti mugule vuto. Ndibwereze, kuti amene anali kukhitchini amve: eyakoni yaikulu kuposa nyumba si dalitso.

Chizindikiro chachiwiri: mmisiri wabwino amakwera kudenga, ngakhale kukutentha ngati ng'anjo, kukaona mipope ya mpweya. A Energy Star, ndondomeko ya boma la America yoona za kusunga magetsi, amanena kuti m'nyumba wamba mpweya wokwana magawo 20 kapena 30 pa 100 alionse umatayika m'mipope yobooka ndi yolumikizidwa molakwika. Tangoganizani. Mwagula makina a dzina lapamwamba, a nambala yokwera, ndipo gawo lalikulu chotere la mpweya umene mwaulipirira likuziziritsa makoswe kudenga. Mipope ikakhala yopapatiza, makina amabanika. Ikakhala yobooka, amagwira ntchito pachabe. Koteshoni imene siitchula kanthu za mipope ndi ya munthu amene sadakwere.

Chachitatu chili pa tsiku la ntchito, ndipo ngati mungathe, pemphani tchuthi kuntchito mukhalepo. Simukufunika kukhala katswiri kuti muone ngati munthu akudekha. Powotcherera mapaipi a mkuwa, mmisiri wosamala amalowetsamo mpweya wa nayitirojeni kuti m'kati musachite mwaye. Akatha amayesa ngati palibe podontha, kenaka amalumikiza pampu yokoka mpweya wonse ndi chinyezi chonse kutuluka m'mapaipi, ndipo amadikira, akuyang'ana geji yake, kufikira itafika pamene ifunika. Pomaliza amayeza gasi, kuti asachepe kapena kuchuluka. Zonsezi sizioneka ndi maso ntchito ikatha. Chibokosi chimawala chimodzimodzi, kaya zachitika kaya sizidachitike. Koma kachinyezi kotsalira m'paipi kamaononga mafuta a kompuresa mwakachetechete, ndipo pakapita zaka zochepa makina aima, mwini nyumba n'kumauza anzake kutchalitchi kuti dzina lija ndi lachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muonetsetsenso kuti asintha mbali zonse ziwiri, ya kunja ndi ya m'nyumba, ndipo zikhale zopangidwira kuyendera pamodzi. Pali bungwe lotchedwa AHRI limene limapereka nambala yotsimikiza kuti chibokosi ichi ndi koyilo iyi zidayesedwa pamodzi. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe pa koteshoni. Funsaninso za laisensi ya mmisiri, za inshuwalansi yake, ndi za chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Wina akati tisiye za chilolezo kuti mtengo utsike, dziwani kuti akuthawa maso a woyendera ntchito. Ndipo ndinene mosabisa kwa abale athu kunjako: pali chizolowezi chathu chofuna munthu wodziwana naye, mnzake wa mlamu, amene amagwira ntchitoyi Loweruka pamtengo wachibale. Pa kukonza mpanda kapena kupenta khonde, palibe cholakwika. Pa makina awa, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti makampani ambiri amakana galanti ngati woika analibe chilolezo cha ntchitoyo.

Popeza tatchula galanti, tiimalize. Makampani ambiri amalonjeza zaka khumi pa masipeya, koma m'zigawo zambiri lonjezolo limagwira pokhapokha mutalembetsa makina anu m'masiku 60 kapena 90 chiwaikireni. Mukaiwala, zaka khumi zija zimatsika kufika pa zisanu. Musangokhulupirira kuti mmisiri walembetsa; onani chikalatacho ndi maso anu. Ndipo galanti ya kampani ndi ya sipeya yokha. Ntchito ya munthu wodzamasula ndi kumanga, ngakhale gasi watsopano, kawirikawiri zili pamutu panu, ndipo nthawi zina zimenezi zimaposa mtengo wa sipeyayo. Nchifukwa chake galanti ya ntchito, imene mmisiri mwini apereka, ndi yofunika kuifunsa. Koma nayonso ili ndi moyo pokhapokha mmisiriyo adakali pa bizinesi. Wakhala zaka zingati mumzindamo? Safunsa adadya phula.

Ndisanaiwale, pali funso limene likadayenera kubwera patsogolo pa onse. Kodi makinawo afadi? Nthawi zambiri eyakoni ikangong'ung'udza osadzuka, chimene chafa ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa kapasita, kamene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi makina atsopano, ndipo kusintha kwake sikutha ola limodzi. Makina osamalidwa bwino amakhala zaka 15 kufikira 20. Ngati anu sanafike zaka khumi, ndipo munthu woyamba kufika akuti palibe chochita koma kugula atsopano, itanani wachiwiri. Koma ngati ndi akale, ndipo kompuresa yapsa kapena koyilo ikudontha, pamenepo kukonza n'kutaya ndalama.

Mtundu wa gasi nawo uli ndi mawu pa mlanduwu. Makina akale kwambiri amayendera gasi wotchedwa R-22, amene amaononga chophimba cha ozoni kumwamba. Maiko adapangana za kuthetsa magasi otere ku Montreal mu 1987, ndipo ku America kupanga ndi kuitanitsa R-22 kudaletsedwa kuyambira mu 2020. Wotsala ndi wokwera mtengo, ndipo kuthira gasi wotere m'makina odontha n'kuononga. Pambuyo pake padabwera R-410A, koma nayenso akuchotsedwa pang'onopang'ono chifukwa amatenthetsa dziko, motsatira pangano la ku Kigali la mu 2016. Kuyambira mu 2025 makina atsopano a m'nyumba akupangidwa ndi magasi ena awiri: Daikin ndi ana ake, Goodman ndi Amana, adasankha R-32, pamene Carrier, Trane, Lennox ndi ena adasankha R-454B. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni kwa maina, ndipo ndi bwino kufunsa mmisiri kuti gasi wa makina amene akukugulitsani amapezeka mosavuta bwanji m'dera lanu. Magasi atsopanowa amatha kuyaka pang'ono, choncho makina ambiri amabwera ndi kachipangizo konunkhiza gasi akadontha, ndipo koyilo yakale siigwirizana nawo. Ichinso ndi chifukwa china chofunira manja ophunzitsidwa.

Kwa inu a kumudzi kuno amene muli ndi kaeyakoni kapakhoma m'sitolo ku Chikwawa, kapena m'nyumba yogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, mawu awiri okha: mapaipi anu ndi a mkuwa womwewo, ndipo afuna pampu yomweyo yokoka mpweya asanatsegule gasi. Mmisiri akabwera wopanda pampu, m'bwezeni akaitenge.

Tsono wina akuti: mwazungulira kokwanira, tiuzeni dzina. Chabwino, maganizo anga ndi awa. Mwa maina akuluakulu amene ndatchula, palibe limene ndingaletse mbale wanga kugula, ndipo palibe limene ndingamuuze kuti alipirire madola zikwi zoonjezera chifukwa cha chizindikiro chokha. Yambani ndi mmisiri. Itanani atatu, aliyense afike pakhomo, ayeze nyumba, akwere kudenga, ndipo alembe koteshoni yotchula nambala ya makina a kunja ndi a m'nyumba, ntchito ya pamipope, ndi zaka za galanti ya ntchito. Amene wayankha mafunso anu mosapsa mtima, amene wakhala zaka zambiri mumzindamo, amene anansi anu amuchitira umboni, ameneyo mutengeni. Ndipo dzina limene iye waligwira zaka zambiri, limene masipeya ake ali pafupi, ndilo dzina lanu. Akakukakamizani kuti musaine lero lomwe chifukwa mawa mtengo ukwera, musasaine.

Ndipo inu amene makina anu akadali kulira koma apitirira zaka khumi ndi ziwiri, musadikire kuti afe pakati pa July, pamene amisiri onse ali otanganidwa ndipo munthu wotuluka thukuta amavomera mtengo uliwonse. Mukatseka wailesi, tulukani panja, pitani pa chibokosi chija, werengani chikalata chake, muone chaka chimene chidapangidwa ndi mtundu wa gasi, ndipo mulembe m'kabuku. Makoteshoni mukafunse mu March kapena April, kapena kutentha kukatha mu October.